Mliri Woyenda pa Matayala

Pamaliro a munthu wofa ndi kolera, a mfumu akaimirira salankhula za tsoka lokha. Amafunsa kumene banjalo limatunga madzi, a zaumoyo amafika ndi kolorini, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse umakhala utamva kuti chitsime chakuti chatsekedwa. Koma pamaliro a mnyamata amene wagundidwa ndi lole akuchokera kumsika pa Kamwendo, mawu amakhala ena. "Linali tsiku lake." "Ngozi ndi ngozi." Adzukulu akakwirira, anthu amabalalika, ndipo msewu umene wamupha umatsala monga unalili.

Liwu lakuti ngozi ndi limene limatigoneka tulo. Tikati ngozi timaganiza za chinthu chongogwa ngati mphenzi, chopanda mwini, choti palibe akanachiletsa. Koma chinthu chimene chimapha anthu a misinkhu yofanana, pamalo omwewo, nthawi zomwezo za madzulo, chaka ndi chaka, si mphenzi. Chili ndi njira yake yoyendera monga malungo alili ndi udzudzu ndi zithaphwi. A zaumoyo akaona nthenda yotere amaitcha mliri, ndipo mliri amauwerengera, amaufufuza gwero, nkuutchingira.

Ku Ludzi nkhaniyi imaoneka bwino chifukwa si tauni. Ndi dera la alimi m'boma la Mchinji, lodziwika ndi mishoni ya Akatolika, sekondale ya atsikana ndi chipatala cha St Joseph. Wina angati ngozi za pamsewu ndi za ku Lilongwe ndi ku Blantyre kumene magalimoto amapanikizana. Komatu moyo wonse wa kuno umatulukira pamsewu umodzi, wa M12, wochoka ku Lilongwe kudzera pa Msundwe, Namitete, Waliranji ndi Kamwendo mpaka pa Boma, makilomita pafupifupi 110, nkupitirira kuchipata cha Mwami ndi ku Chipata. Fodya, mtedza ndi soya zimatulukira pomwepo. Feteleza amalowera pomwepo. Mtsikana wa Fomu 1 ndi sutikesi yake, mayi wotumizidwa kuchipatala chachikulu, mlimi wokagula mbewu, onse amaponda phula lomwelo.

Msewu umenewu unapatsidwa ntchito ziwiri zosamvana. Kwa a zamalonda ndi gawo la njira yolumikiza doko la Nacala ku Mozambique ndi mzinda wa Lusaka, ndipo mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula chipata chophatikiza cha Mchinji ndi Mwami kuti malole asamachedwe pamalire. Nzabwino zimenezo. Koma kwa anthu okhala m'mbali mwake, phula lomwelo ndi njira ya kuchigayo, ya kusukulu, ya kutchalitchi ndi ya kumaliro. Ndi modutsa ngolo, mbuzi ndi njinga yosenza matumba atatu a makala. Lole ya matani 30 ndi mwana wa Sitandade 2 amagawana msewu umodzi, ndipo chowalekanitsa ndi kamzere ka penti, pamene m'mphepete simunadyeke. Nthenda yathu imayambira pamenepo.

Ziwerengero zake nzoopsa, ngakhale kwa ife amene tinazolowera kumva ziwerengero zoopsa. Bungwe la WHO linati mu 2021 anthu pafupifupi 1.19 miliyoni anafa pa ngozi za pamsewu padziko lonse, ndipo ena pakati pa 20 ndi 50 miliyoni amavulala chaka chilichonse. Kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, palibe nthenda imene imapha kuposa msewu. Imfa zoposa 9 mwa 10 zilizonse zimachitika m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Ku Africa kuno kuli magalimoto 3 okha mwa 100 alionse a padziko, koma pa imfa zisanu zilizonse za pamsewu, pafupifupi imodzi ndi yathu, ndipo pamene madera ena a dziko anachepetsa imfazi pakati pa 2010 ndi 2021, kwathu zinakwera ndi 17 peresenti. Ndiye kuti chimene chimapha si kuchuluka kwa magalimoto. Ndi mmene galimoto imakumanirana ndi munthu, komanso chimene chimachitika ikakumana naye.

Za Malawi pali chinthu chimene chimandidabwitsa kuposa kukula kwa nambala. Mu lipoti la WHO la 2018, imfa zimene boma linalemba za chaka cha 2016 zinali zongopitirira pang'ono 1,100, pamene WHO itawerengera mwa njira zake inapeza zoposa 5,000, kapena kuti anthu 31 pa 100,000 alionse. Anthu anayi mwa asanu sanalowe m'buku. Anapita kuti? Wapolisi amalemba amene wafera pamalo a ngozi. Amene wafera m'wodi patatha masabata awiri amalowa m'kaundula wina, ndipo makaundula awiriwo sakumana. Amene wagwa pa njinga yamoto m'kanjira ka kumudzi, nkumadandaula mutu usiku wonse, nkumwalira m'mawa, amaikidwa popanda wolemba. Ena amabisa dala, chifukwa njingayo ilibe mapepala ndipo woyendetsayo ndi mphwawo. Chimene sichiwerengedwa sichipatsidwa ndalama pa bajeti.

Kumene anayesa kuwerenga bwino, chithunzi chinatuluka. Chipatala cha Kamuzu Central chinayamba kaundula wa anthu ovulala mu 2008, ndipo ofufuza atauunika anapeza kuti ovulala pamsewu ofika pachipatalapo anachoka pa 2,400 ndi kanthu mu 2009 nkufika pafupifupi 4,000 mu 2015. Apo nkuti njinga zamoto zisanadzaze dziko ngati lero. Ambiri anali amuna a msinkhu wolima ndi kudyetsa banja, ndipo gulu lalikulu linali la oyenda pansi ndi okwera njinga, anthu oti mwina sanakhalepo ndi galimoto pamoyo wawo.

Ngozi zimene timakumbukira ndi zikuluzikulu. Lole imene inalowa mumsika pa Kampepuza ku Ntcheu mu 2019. Minibasi imene inawombana ndi thankala ya mafuta nkuyaka moto m'boma la Kasungu mu Ogasiti 2024, nkupha anthu oposa 20. Basi ya Post Bus ku Chibombo m'dziko la Zambia mu Febuluwale 2013, imene inapha oposa 50. Zotere zimabweretsa nduna, mabokosi ndi chipepeso. Koma mliri weniweni umadya mmodzimmodzi: lero gogo woloka msewu, mawa wakabaza, mkucha mwana wothamangira mpira. Palibe mtolankhani amafika.

Pa zoyambitsa zonse, liwiro ndilo mfumu, ndipo ndi pamene tiyenera kuchedwapo. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Dalaivala akaona mwana, phazi lisanafike pa buleki sekondi yatha kale, ndipo galimoto yadutsa kotala ya bwalo la mpira isanayambe nkomwe kuchepetsa. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woti buleki iimitse galimoto umawirikiza kanayi. Thupi la munthu nalo lili ndi malire ake: WHO imati munthu wogundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola ali pachiopsezo cha imfa choposa kanayi kuyerekeza ndi wogundidwa pa 50. Kusiyana kwa 50 ndi 65 dalaivala sakumva nkomwe m'chiwongolero. Woyenda pansi ndiye amakumva. Nchifukwa chake msonkhano wa maiko ku Stockholm mu 2020 unagwirizana kuti pamene magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi, liwiro lisapitirire 30. Imani pa Kamwendo tsiku la msika, muone ngati malole odutsa amatsika kufika pamenepo popanda chowakakamiza.

Apa ndinene chimene ena sachikonda: msewu wabwino wopanda chitetezo umapha kuposa msewu wa maenje. Maenje amathyola masipuling'i koma amachepetsa liwiro. Phula likasalala, galimoto zimauluka, pamene msika, sukulu ndi mjigo zili pomwe zinali.

Tsono kabaza. Ndiyambe ndi kumuikira kumbuyo, chifukwa amanyozedwa kwambiri ndi anthu a magalimoto. M'midzi ya kutali ndi phula, njinga yamoto ndiyo ambulansi. Mayi amene matenda amuyamba usiku, mwana wokomoka ndi malungo, amafika pachipatala chifukwa cha mnyamata wa kabaza. Ndi ntchito ya anyamata masauzande amene sukulu inawasiya panjira ndipo munda wa makolo sukwanira kugawana. Amene akunena zothetsa kabaza anene kaye chimene aike m'malo mwake.

Koma onani mmene mnyamatayo amayambira. Amaphunzira pabwalo la mpira kwa masiku awiri, mphunzitsi wake ali mnzake amene anaphunzira chimodzimodzi. Laisensi ndi ndalama zambiri, ndipo kawirikawiri ndi ulendo wa ku Lilongwe. Njinga si yake; abwana amafuna ndalama yawo tsiku lililonse, kaya kwagwa mvula kaya mafuta asowa. Ndiye amanyamula awiri, nthawi zina atatu ndi thumba la chimanga, ndipo amathamanga kuti abwerere msanga pa siteji. Tikamamuuza kuti kuthamanga si kufika, iye amadziwa kuti kwa iye kuthamanga ndiko kudya. Chipewa choteteza kumutu, ngati ali nacho, ndi chimodzi, chosamanga lamba, kapena chapachikidwa pa hendulo. Okwera nawonso amachikana: ati ndi chauve, ati chisokoneza tsitsi. Chonsecho lamulo limafuna kuti onse awiri avale, ndipo WHO inapeza kuti chipewa chabwino chovala bwino chimachepetsa imfa ndi 42 peresenti ndi kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Mankhwala ochepa m'chipatala amachita zoposa pamenepo. Ku Kigali wa njinga yamoto amayenda ndi zipewa ziwiri ndipo wokwera amavala osatsutsa. Anthu a ku Rwanda alibe mitu yosiyana ndi yathu. Anangokhazikitsa lamulo nkulisunga tsiku ndi tsiku mpaka linasanduka chizolowezi.

Za minibasi ndi Sienta sinditalikitsa, aliyense amazidziwa: galimoto ya anthu 7 yonyamula 11, matayala ogula atatha kale kunja, dalaivala amene wayamba 4 koloko m'mawa, ndi kondakitala wotsika pamalo a chipikisheni dzanja atafumbata. Pepala lotsimikiza kuti galimoto ili bwino likagulidwa m'malo moyezedwa, ndalama imalowa m'thumba la munthu mmodzi, ngongole yake nkukalipidwa ndi mwendo wa wina.

Mowa uli ndi mbali imene sitiikamba. Malire a lamulo la Malawi kwa dalaivala ndi magalamu 0.08 a mowa pa desilita ya magazi, pamene WHO imalimbikitsa 0.05. Koma kafukufuku wina pa Kamuzu Central anapeza kuti pa akuluakulu ovulala pamsewu, pafupifupi mmodzi mwa anayi anali atamwa, ndipo amene anaposa onse anali oyenda pansi. Ganizani za nyengo yokolola, ndalama ya fodya ndi soya ili m'thumba, bambo akuchokera kokamwa, wavala jekete lakuda, msewu ulibe magetsi, kutsogolo kukubwera galimoto ya diso limodzi. Kachasu sitingamuthetse chaka chino. Funso ndi lakuti, kodi chilango cha kuledzera ukuyenda pansi chiyenera kukhala imfa?

Tifike pamene ngozi yachitika, chifukwa apa ndi pamene Ludzi amasiyana kwambiri ndi maiko olemera. Anthu amathamangira. Dalaivala nthawi zambiri wathawa, osati chifukwa cha nkhanza zokha koma poopa kumenyedwa, ndipo galimoto imene ikanathamangitsira wovulala kuchipatala yapita naye. Achifundo amamunyamula wina manja wina miyendo, mutu ukulendewera, nkumuponya kumbuyo kwa pikapu kapena kumukhazika pakati pa anthu awiri pa njinga yamoto. Ngati khosi linathyoka, kunyamula kumeneko ndiko kumamumaliza. Ngati akutaya magazi, palibe amene anaphunzitsidwa kuti chitenje chopinda ndi dzanja lopanikiza zingamusunge ola lina. Boma, ndi thandizo la World Bank, linayesa ntchito ya maambulansi a ngozi ndi nambala ya 118, koma poyambira pake panali pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre.

Chipatala chaching'ono cha kumudzi chimatha kuimitsa magazi, kusoka bala, kuika diripi ndi kumanga chikhakha. Chachikulu chimapita kuchipatala cha boma pa Mchinji, ndipo wovulala m'mutu kapena msana ayenera kukafika ku Lilongwe kumene kuli makina ounikira ubongo ndi madokotala ake, makilomita oposa 100 pamsewu womwe uja wamuvulaza. Maola amene thupi likanapulumuka amathera m'njira.

Tisaiwale kuyamika pamene payenera. Dziko lino, poona kuchepa kwa madokotala a mafupa, linayamba mu 1985 kuphunzitsa makiliniko ofesala a za mafupa, ndipo iwowa ndi amene asenza ntchitoyi m'zipatala za m'maboma kwa zaka zonsezi. Mu 2023 pa Kamuzu Central panatsegulidwa chipatala cha LION cha mafupa ndi ubongo. Koma lowani m'wodi ya abambo m'chipatala cha boma lililonse, mupeza anyamata atagona chagada, chitsulo chabooledwa pamwendo, chingwe chikukoka cholemera kumapazi a bedi. Fupa la ntchafu likathyoka, kuchira mwa njira imeneyi kumatenga masabata 6 kapena kuposa. Kafukufuku wa Dr Linda Chokotho ndi anzake anasonyeza kuti ku Malawi kuno opaleshoni yoika chitsulo m'kati mwa fupa imachiritsa bwino ndipo pomaliza imatchipa kuposa kumugoneka munthu pabedi masabata onsewo. Timasankha njira yodula chifukwa ndalama ya njira yotchipa imafunika lero, yonse pamodzi.

Ndipo bedi limenelo silikhala la iye yekha. Mkazi wake amasanduka gadiyani, kugona pansi ndi kuphika kukhitchini ya chipatala. Ngati ngozi yachitika mu Novembala, munda sudzalidwa pa nthawi yake. Ngati ndi mu Januwale, udzu umadya chimanga. Mbuzi zimagulitsidwa, kenako njinga, kenako mtsikana wa kusekondale amauzidwa kuti ayambe wadikira temu ino. Chipukuta misozi cha inshuwalansi chimafuna lipoti la apolisi, lipoti la dokotala ndi galimoto yokhala ndi mapepala. Wogundidwa ndi njinga yopanda nambala amangolandira pepani. Akatswiri amati ngozi za pamsewu zimadya pafupifupi 3 peresenti ya chuma cha maiko ambiri. Pakhomo la mlimi zimadya chonse.

Pali ngongole inanso yobisika. Magazi amene wovulala amalandira amachokera m'nkhokwe imodzi ndi a mayi wotaya magazi pobereka ndi a mwana amene malungo amuumitsa. Ambiri opereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service ndi ana a sukulu, ndiye nkhokwe imachepa sukulu zikatsekera, nthawi ya Khirisimasi, pamene pamsewu pali piringupiringu. Ngozi imodzi ya minibasi ikhoza kupha mayi amene sanakwere nawo.

Nanga bwanji mliri wotere ulibe mwini? Chifukwa unagawidwa zidutswa. Roads Authority imamanga msewu, a Road Traffic amapereka ziphaso, apolisi amagwira olakwa, khonsolo imayang'anira misika, ndipo Unduna wa Zaumoyo umangolandira mitembo ndi mafupa othyoka kuchokera ku zisankho zimene sunakhale nawo popanga. Edzi, TB ndi malungo zili ndi thumba lake lalikulu la Global Fund kuyambira 2002. Msewu ulibe lofanana nalo. Maiko analonjeza kuchepetsa imfazi ndi theka pofika 2020, sizinatheke, ndipo lonjezo linasunthidwira ku 2030.

Mankhwala amene timawakonda kwambiri ndi ophunzitsa anthu: uthenga pa wailesi, chikwangwani, wapolisi kulankhula pa asembule. Ndi otchipa, ndipo amaika mlandu pa wogundidwayo. Ine ndimawaona ngati kuuza anthu kuti asalumidwe ndi udzudzu osawapatsa neti. Dziko la Sweden mu 1997 linatembenuza kaganizidwe: munthu adzalakwitsa basi, mwana adzathamanga, dalaivala adzasinza, choncho msewu umangidwe moti kulakwitsa kusathere ku manda. Ganizo limeneli silifuna chuma cha Sweden. Ku Dar es Salaam, sukulu zimene anaziikira mahampu, mizere yowolokera ndi tinjira ta oyenda pansi zinaona kuvulala kwa ana kukutsika ndi 26 peresenti. Ku Ghana anaphunzitsa madalaivala a malole ndi a matola chithandizo choyamba, pozindikira kuti ndiwo amafika pa ngozi ambulansi isanabwere. Kwathu kuno anyamata a kabaza ndi amene ali pa mphambano iliyonse, ali ndi matcheyamani ndi malamulo a pa siteji, ndipo tsiku limodzi lowaphunzitsa kugwira khosi ndi kupanikiza bala lingapindule kuposa chaka chowathamangitsa. Anansi athu a ku Zambia mu 2016 analetsa mabasi kuyenda usiku. Msika ukhoza kusunthidwa mamita makumi angapo kuchoka paphula, bola malo atsopanowo akhale oti ogula afikeko, apo ayi amayi a tomato adzabwerera mawa lomwe, ndipo sindingawadzudzule. Ngolo ndi njinga zikhoza kumatidwa zonyezimira za mtengo wa botolo la Fanta. Ndipo pa kaundula wa chipatala chilichonse pakhoza kuwonjezedwa mzere umodzi wofunsa kuti ngozi yachitikira pati, kuti pakutha pa chaka a khonsolo aone malo asanu amene akudya anthu. Anamwino amawadziwa kale malowo pamtima, palibe anawafunsa.

Anthu a m'midzi nawonso anaupeza kale muzu wa nthendayi. Mwana akagundidwa pamsewu, m'madera ambiri a dziko lino abambo amatuluka ndi makasu ndi mawilibala nkuunda mtumbira wa dothi kudutsa msewu wonse, ena mpaka kukumba phula. Ndi kuphwanya lamulo, ndipo mtumbira wopanda chizindikiro umagwetsa wa njinga yamoto usiku. Koma anthu amenewa sanawerenge lipoti la WHO, ndipo pa maliro aja ananena okha kuti linali tsiku lake. Chonsecho m'mawa mwake sanapite kwa sing'anga, anapita kukachepetsa liwiro. Mtumbirawo umakhala mwezi umodzi kapena iwiri. Matayala a malole amaupondaponda, mvula yoyamba imakokolola chotsala, ndipo pofika Januwale pamangotsala kamzere kofiira ka dothi paphula, kamene dalaivala wochokera ku Mwami sakaona nkomwe.